FanGraphs ndi mkangano wa mtengo wa reliever: tsambali limathandiza mpaka pati?

Msika wosinthana osewera mu Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America, umatsekedwa kumapeto kwa Julayi kapena masiku oyambirira a Ogasiti, 6 koloko madzulo nthawi ya ku New York. Kuno ku Dedza imakhala ili 12 koloko usiku, chisanu chitagwira, ndipo anthu ochepa amene amatsatira masewerowa pafoni amadzuka m'mawa n'kupeza kuti timu yawo yapereka anyamata atatu kapena anayi kuti itenge munthu mmodzi amene amaponya inning (chigawo cha gemu) imodzi yokha mwa zisanu ndi zinayi. Wina amati timu yaberedwa masanasana. Wina amati popanda munthu ameneyu chikho sichingabwere. Tsamba limene anthu ambiri amathamangirako kuti apeze umboni ndi FanGraphs, lomwe David Appelman analiyambitsa mu 2005. Maganizo athu ndi akuti palibe tsamba laulere loliposa pa ntchito imeneyi, koma nambala imene anthu amakonda kutengapo, ya WAR, yoyesa phindu la wosewera ku timu yake, ndi imene imasocheretsa kwambiri pa nkhani ya ma reliever. Mukaidalira yokha mudzanena kuti kusinthana kulikonse kwa mu Julayi n'kopusa, ndipo mudzakhala mutalakwitsa.

Kwa amene anazolowera mpira wamiyendo, kumene Dedza Dynamos kapena Bullets imagula wosewera ndi ndalama kapena kumubwereka, pali kusiyana kofunika kukudziwa. Ku baseball matimu amasinthana anthu, ndipo kontrakiti ya wosewera imapita naye kumene akupitako. Timu imene ikuona kuti chaka chino chaipa imagulitsa akatswiri ake n'kulandira mphukira za m'maligi aang'ono. Timu imene ikununkhiza chikho imagula. Reliever ndi woponya wolowa gemu ili m'kati, woyamba uja akatopa kapena akamenyedwa. Closer ndi reliever amene amasungidwira inning yomaliza timu ikamatsogola pang'ono.

Misampha ya pa tsamba loyamba

Mukalemba dzina la wosewera m'bokosi losakira, tsamba lake limatseguka ndi tebulo lotchedwa Dashboard. Musanawerenge china chilichonse, onani mzere wa IP, womwe ndi chiwerengero cha ma inning amene waponya. Nambala ya pambuyo pa kadontho si ya masamu a kusukulu. Inning imakhala ndi ma out atatu (omenya atatu otulutsidwa), choncho 26.2 ikutanthauza ma inning 26 ndi ma out awiri. Mukamawerengera nokha pa kakyuleta lembani 26.67, apo ayi zotsatira zanu zisiyana ndi za tsambali ndipo mudzaganiza kuti pali cholakwika.

Msampha wachiwiri uli pa Leaders, pamene mumayerekezera osewera ambiri nthawi imodzi. Mukangosankha oponya onse, tebulo limadzaza ndi oyamba gemu, chifukwa malire a ma inning amene tsambali limadziikira lokha amasiya ma reliever kunja. Sankhani Relievers, kenako tsitsani malire a IP kufika pa 20 kapena 30 ngati muli pakati pa sizoni. Wosewera amene wasintha timu m'chaka chomwecho amakhala ndi mzere umodzi wophatikiza ndi mizere ina ya timu iliyonse payokha. Pa mkangano wa kusinthana mukufuna mizere yapayokhayo, chifukwa funso ndi lakuti timu yogula inkaona chiyani tsiku logula, ndipo inalandira chiyani pambuyo pake.

Ma save asiyeni kaye. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti woponya amalize gemu imene timu yake ikutsogola ndi ma run (zigoli za baseball) osaposa atatu ataponya inning yathunthu. Amene amasankha woti alowe nthawi imeneyo ndi manijala, kotero save imakuuzani udindo umene munthu anapatsidwa kuposa luso lake. Kuteteza ma run atatu pa inning imodzi n'chinthu chimene woponya wamba amakwanitsa nthawi zambiri.

ERA nayonso imafuna kusamala. Ndi ma run amene woponya wapereka pa ma inning 9 aliwonse, ndipo kwa woyamba gemu amene amaponya ma inning 180 pachaka imanena zoona ndithu. Reliever amaponya pakati pa 60 ndi 70 pa sizoni ya magemu 162, ndipo amene wagulidwa kumapeto kwa Julayi amatsala ndi 20 kapena 25. Tengani munthu amene wapereka ma run 8 pa ma inning 25. ERA yake ndi 2.88. Usiku umodzi woipa wa ma run asanu umaikweza kufika pa 4.68. Ma run asanu omwewo kwa wa ma inning 180 amasuntha ERA ndi 0.25 yokha. Palinso vuto lina: reliever akalowa n'kupeza adani ali kale pa ma base (malo amene amaimapo asanagoletse), iwowo akagoletsa mlandu umalembedwa kwa woponya amene anawasiya. Munthu akhoza kumazimitsa moto wa anzake kapena kumauthira petulo, ERA yake osasonyeza kanthu.

Pamene tsambali limawala

Ubwino wa FanGraphs ndi woti limaika pafupi ndi ERA manambala amene sasinthasintha msanga. Yoyamba kuiona ndi K-BB%, pa tebulo la Advanced: gawo la omenya amene wawatulutsa ndi strikeout (ataphonya mipira itatu), kuchotsapo gawo la amene wawapatsa base yaulere. Zaka zaposachedwazi woponya wamba amakhala cha m'ma 14 pa 100 alionse, ndipo reliever woti timu imulipirire zambiri ayenera kudutsa 25. Kafukufuku wa Russell Carleton, amene tsambali limamutchula m'gawo lake lofotokozera mawu, anapeza kuti mlingo wa strikeout umayamba kudalirika woponya akakumana ndi omenya pafupifupi 70, wa base yaulere pafupifupi 170, pamene BABIP imafuna mipira yomenyedwa pafupifupi 2,000. Reliever amafika pa 70 m'mwezi umodzi ndi theka. Pa 2,000 ambiri safikapo mpaka kupuma. BABIP ndi gawo la mipira yomenyedwa m'bwalo imene imagwera pabwino, ndipo ligi yonse imakhala pakati pa .290 ndi .300. Mukaona reliever ali pa .220, dziwani kuti mwayi ndi otchinga kumbuyo kwake zamunyamula, ndipo timu imene ikumugula chifukwa cha ERA yokongolayo ikugula chinthu chimene chingasungunuke mu Ogasiti.

Yachiwiri ndi FIP. Imawerengera zinthu zimene woponya amachita yekha popanda otchinga: home run (mpira womenyedwa mpaka kutuluka m'bwalo) kuchulukitsa ndi 13, base zaulere pamodzi ndi omenya amene wawagenda kuchulukitsa ndi 3, kuchotsapo strikeout kuchulukitsa ndi 2, zonsezo kugawa ndi ma inning, kenako kuwonjezera nambala ya chaka chimenecho imene imakhala pamwamba pang'ono pa 3.

Edwin Díaz ndi chitsanzo chimene aliyense wofuna kuphunzira tsambali ayenera kutsegula. Mu 2018 ali ku Seattle Mariners anapanga ma save 57 ndi ERA ya 1.96. Mu Disembala chaka chomwecho New York Mets inamutenga pamodzi ndi Robinson Canó, n'kupereka gulu la osewera lomwe munali mphukira yotchuka Jarred Kelenic. Mu 2019 ERA yake inafika pa 5.59 ndipo anthu a ku New York ankamukuwiza. Tiyeni tiwerengere. Pa ma inning 58 anamenyedwa ma home run 15, zomwe zikupereka 195. Base zaulere 22 ndi ogendedwa 4 zikupereka 78. Ma strikeout 99 akupereka 198. Kuphatikiza 195 ndi 78 n'kuchotsapo 198 kukutsala 75, kugawa ndi 58 kukubwera 1.29, kuwonjezera 3.21 ya chaka chimenecho, FIP ikufika cha pa 4.50. Sikuti inali yabwino, koma ikusonyeza kuti vuto lalikulu linali ma home run. Ndiye pafupi pomwepo pali xFIP, imene imafunsa kuti zikanakhala bwanji mipira yake yam'mwamba ikanamatuluka m'bwalo pa mlingo wa ligi yonse. Ya Díaz inali pamwamba pang'ono pa 3. Munthu wotulutsa omenya 99 pa ma inning 58 sanathe ntchito. Mu 2022 anatulutsa 118 pa ma inning 62, theka la onse amene anakumana nawo, ERA 1.31, ndipo Mets inamupatsa kontrakiti ya zaka zisanu ya madola 102 miliyoni. Mu Malichi 2023 anavulala bondo akusangalalira chipambano pa World Baseball Classic, mpikisano wa matimu a mayiko, sizoni yonse osaponya. Tsambali likanakuthandizani kuona kuti 2019 sinali mapeto ake. Za bondo palibe tsamba likanakuuzani.

Musadumphe Game Log. Ndi mndandanda wa gemu iliyonse, ndipo kwa reliever ndi umene umaulula ngati nambala yoipa yachokera ku masiku awiri kapena ku miyezi itatu. Josh Hader atagulitsidwa ndi Milwaukee Brewers kupita ku San Diego Padres pa 1 Ogasiti 2022, ERA yake inali 4.24, koma pafupifupi zoipa zonse zinachitika mu Julayi, kuphatikizapo usiku umene anapereka ma run 6 ku San Francisco. Onaninso liwiro la mpira pa tebulo la mitundu ya kaponyedwe. Limalembedwa m'mamailosi pa ola, ndipo 100 ndi pafupifupi makilomita 161. Fastball, mpira wa liwiro kwambiri, ikatsika ndi mamailosi awiri poyerekeza ndi chaka chatha n'kukhala pomwepo milungu ingapo, nthawi zina pamakhala nkhani ya phewa kapena chigongono imene sinalengezedwe. Kuyambira 2023 tsambali lili ndi Stuff+, nambala yoyesa mphamvu ya mpira wokha potengera liwiro, kupindika ndi malo amene dzanja limausiyira, 100 kukhala wamba. Imathandiza kwambiri kwa ma reliever chifukwa imakhazikika ndi mipira yochepa, koma siona ngati munthuyo akutha kuulozetsa pamene akufuna.

WAR, pamene mkangano umakolera

WAR ndi magemu amene wosewera wapindulira timu yake poyerekeza ndi munthu wongotola ku ligi yaing'ono. Woyamba gemu wapamwamba amafika pa 6 kapena 7 pachaka. Reliever akafika pa 2 ndiye kuti wachita bwino kwambiri, ndipo Díaz wa 2022 uja, m'chaka chimene omenya ankalephera ngakhale kuukhudza mpira wake, anali cha pa 3. Ngati munthu wa 2 pachaka wagulidwa kutatsala gawo limodzi mwa magawo atatu a sizoni, timu ikugula gemu yosakwana imodzi. Apa ndi pamene otsutsa kugula ma reliever amaimirira, ndipo masamu awo ndi olondola. FanGraphs yomweyo imatulutsa mndandanda wa osewera 50 a mtengo wapamwamba pa msika mwezi wa Julayi uliwonse, ndipo n'kamodzikamodzi kupezamo reliever.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa za mmene nambalayi imaphikidwira. Choyamba, WAR ya FanGraphs imamangidwa pa FIP, osati pa ma run amene anaperekedwadi. Woponya amene luso lake ndi kumenyetsa mipira yofooka amaponderezedwa. Mariano Rivera, mwini ma save 652, amene mpira wake wa cutter unkathyola mabati, ali ndi WAR ya pafupifupi 39 pa FanGraphs koma pafupifupi 56 pa Baseball-Reference, tsamba lina la manambala lomwe limawerengera ma run enieni. Munthu mmodzi, magemu omwewo, kusiyana kwa 17. Anthu awiri akhoza kukangana tsiku lonse pa boma osadziwa kuti wina akuwerenga tsamba ili, mnzake tsamba ilo. Pa FanGraphs pitani pa tebulo la Value muone RA9-WAR, ndiyo yofanana ndi ya tsamba linalo. Ziwirizi zikasiyana chaka chimodzi khulupirirani ya FIP. Zikasiyana mbali imodzimodzi zaka zisanu zotsatizana, munthuyo ali ndi luso limene FIP siliona.

Chachiwiri ndi kulemera kwa nthawi imene woponya amalowa. Tom Tango anakonza muyeso wotchedwa Leverage Index, pomwe 1.0 ndi nthawi wamba ya gemu, ndipo 2.0 kupita m'mwamba ndi nthawi imene kulakwitsa kamodzi kumasintha wopambana. Pa tebulo la Win Probability muona gmLI, kulemera kwa nthawi imene woponyayo amalowa m'bwalo. Closer amakhala cha m'ma 1.8 mpaka 2. Koma FanGraphs simupatsa kulemera konseko. Imaphatikiza gmLI ndi 1 n'kugawa ndi 2, choncho wa 1.8 amachulukitsidwa ndi 1.4. Chifukwa chake n'chomveka: closer akavulala, malo ake satenga mnyamata wochokera ku ligi yaing'ono. Amatenga wa inning ya 8, wa 7 n'kukwera pa 8, ndipo watsopanoyo amapatsidwa magemu otha kale. Timu imataya pang'ono pa sitepe iliyonse, osati zonse pamalo amodzi. Tanthauzo lake pa msika ndi lakuti mtengo wa reliever umadalira anthu amene akukawapeza. Timu imene ili kale ndi anthu anayi odalirika ipindula pang'ono ndi wachisanu. Timu imene ili ndi mmodzi yekha ipindula kwambiri ndi wachiwiri, ngakhale WAR ya munthuyo ndi yomweyo.

Pa tebulo lomwelo pali WPA, yomwe imaphatikiza mmene mwayi wopambana unakwerera kapena kutsikira iye ali pamalo oponyera, ndi SD ndi MD, masiku amene anakweza mwayiwo ndi 6 pa 100 kapena kuposa ndi masiku amene anautsitsa motero. SD ndi MD ndi zabwino kuposa save chifukwa zimawerengeranso wa inning ya 7. Koma zonsezi zimanena za dzulo. Musazigwiritse ntchito polosera.

Chimene WAR ilibe n'komwe ndi Okutobala, mwezi wa ma playoff, magemu ochotsana olimbirana chikho. Pa sizoni, timu imaponya ma inning pafupifupi 1,450, ndipo reliever wa 65 amatenga osakwana 5 pa 100 alionse. M'ma playoff muli masiku opuma ambiri ndipo mulibe gemu yoti n'kuitaya, ndiye manijala amagwiritsa ntchito anthu atatu kapena anayi okha amene amawakhulupirira. Chaka cha 2016 chimaphunzitsa zimenezi kuposa china chilichonse, chifukwa New York Yankees inagulitsa ma reliever awiri m'sabata imodzi ndipo anakakumana mu World Series, ndime yomaliza ya chikho. Pa 25 Julayi Aroldis Chapman anapita ku Chicago Cubs posinthana ndi Gleyber Torres, Adam Warren, Billy McKinney ndi Rashad Crawford. Pa 31 Julayi Andrew Miller anapita ku Cleveland posinthana ndi Clint Frazier, Justus Sheffield, Ben Heller ndi J.P. Feyereisen. Miller anaponya ma inning 19.1 pa magemu 15 a Cleveland m'ma playoff, inning imodzi mwa zisanu ndi ziwiri zilizonse, kuwirikiza katatu gawo lake la pa sizoni. Anatulutsa omenya 29 ndi strikeout ndipo anasankhidwa katswiri wa ndime ya American League. Chapman anaponya ma inning 26.2 a ERA ya 1.01 atafika ku Chicago, kenako 15.2 m'ma playoff, kuphatikizapo ma out 8 omaliza pa gemu yachisanu ya World Series, Cubs ili pakhomo potuluka. Pa gemu yachisanu ndi chiwiri onse awiri anali atatopa. David Ross anamenya home run kwa Miller, ndipo Rajai Davis anamenya ya Chapman mu inning ya 8 n'kufananitsa 6 kwa 6. Cubs inapambana 8 kwa 7 mu inning ya 10, chikho chake choyamba chichokereni 1908. Mu Disembala Chapman anabwerera ku Yankees pa madola 86 miliyoni a zaka zisanu, ndipo Torres anamenya ma home run 38 mu 2019. Mukaphatikiza WAR, Yankees inapambana kutali. Ife tikuti Cubs inachita bwino kugula, chifukwa inali timu yamphamvu kuposa onse chaka chimenecho ndipo dzenje lake lalikulu linali kumapeto kwa gemu.

Chida cha pa FanGraphs chothandiza apa ndi Playoff Odds, osati tsamba la wosewera. Onani mwayi wa timu yogulayo tsiku logula. Ikakhala pa 90 pa 100 kupita m'mwamba, ikugula ma inning a Okutobala, ndipo ndi amene ali odula. Ikakhala pakati pa 40 ndi 60, gemu imodzi ikhoza kuilowetsa kapena kuisiya kunja, ndiye ngakhale theka la WAR lili ndi phindu. Ikakhala pa 15 n'kumapereka mphukira yake yabwino, otsutsa aja akunena zoona. Zili ngati kachewere pa Lizulu: thumba ndi lomwelo, koma mtengo wa nthawi yokolola ndi wa nthawi imene wasowa sufanana, ndipo amene ali ndi oda yoti akapereke mawa mumzinda sangadikire kuti utsike.

Zaka zotsala ndi zimene zaperekedwa

RosterResource, imene inalowa m'manja mwa FanGraphs mu 2019, ndi gawo limene otsatira ambiri salitsegula, chonsecho theka la mtengo lili kumeneko. Wosewera amakhala m'manja mwa timu mpaka atakwanitsa zaka 6 za mu ligi yaikulu, ndipo chaka chimodzi chimawerengedwa masiku 172. Mukaona 4.120 ndiye kuti zaka 4 ndi masiku 120. Zaka zitatu zoyamba amalandira pafupi ndi malipiro otsikitsitsa, zitatu zotsatira malipiro amakwera kudzera mu arbitration (woweruza wapadera amagamula malipiro ngati timu ndi wosewera sanagwirizane), ndipo kumeneko ma save aja amene tinati muwasiye amawerengedwa ndithu, zomwe zimachititsa closer kudula msanga kuposa mnzake wa luso lomwelo. Chapman anali wobwereka wa miyezi itatu. Miller anali ndi kontrakiti mpaka 2018 pa madola 9 miliyoni pachaka, kutanthauza ma Okutobala atatu. Ndi chifukwa chomwechi Padres pa 31 Julayi 2025 inalolera kupereka Leo De Vries, mmodzi mwa mphukira zapamwamba kwambiri mu baseball yonse, ndi oponya ena atatu kuti itenge Mason Miller ndi JP Sears ku Athletics: Mason Miller anali ndi zaka zinayi zina patsogolo. Gawo lomweli lili ndi tsamba la ma closer losonyeza amene waponya masiku apitawa ndi kuchuluka kwa mipira, lothandiza kuona ngati timu yogulitsa yamufinya munthu isanamugulitse.

Mbali ina ya sikelo ili pa The Board, pamene mphukira zimapatsidwa FV, nambala yolosera tsogolo lawo, pa muyeso wa 20 mpaka 80. Wa 40 akuyembekezeka kukhala wapabenchi kapena reliever wamba, wa 50 wosewera tsiku lililonse, wa 60 katswiri. Musawerenge mitu ya anthu. Anayi a 40 safika pa mmodzi wa 55. Kumbukiraninso kuti FV ndi maganizo a anthu oonera osewera, osati muyeso wa makina, ndipo amaphonya mbali zonse. Frazier ndi Sheffield sanafike pamene ankayembekezeka. Jeff Bagwell, amene Boston Red Sox inamupereka ku Houston Astros pa 30 Ogasiti 1990 kuti itenge Larry Andersen, anamenya ma home run 449 n'kulowa mu Hall of Fame mu 2017. Andersen sanalephere ayi, anaponya ma inning 22 a ERA ya 1.23 ndipo Boston inatenga chigawo chake, koma Oakland inaikwapula magemu anayi otsatizana m'ma playoff ndipo iye anachoka nyengo yomweyo. Boston yomweyo inabwezera mu 1997 pamene inapereka Heathcliff Slocumb ku Seattle n'kulandira Derek Lowe ndi Jason Varitek, amene anali mizati ya chikho cha 2004.

Apa pali chofooka chenicheni cha FanGraphs. Kutsatira mbiri ya kusinthana, ndani anapita kuti posinthana ndi ndani, n'kosavuta pa Baseball-Reference, pansi pa tsamba la wosewera aliyense. Ndipo mbiriyo imafunika, chifukwa kusinthana kumabereka kwina. Brewers inali pamwamba pa chigawo chake pamene inagulitsa Hader, ndipo inalephera kulowa m'ma playoff. Hader anali ndi ERA ya 7.31 ku San Diego mpaka kutha kwa sizoni, kenako m'ma playoff sanapereke run ngakhale imodzi. Mu Disembala Brewers inagwiritsa ntchito Esteury Ruiz, mmodzi mwa amene inalandira, kupeza William Contreras, amene anakhala catcher (wowakha mipira ya woponya) wake wodalirika. Chigamulo cha mu Ogasiti, cha mu Okutobala ndi cha patapita chaka n'zosiyana, ndipo FanGraphs ilibe tsamba limodzi loziika pamodzi. Ilibenso makina oti mulembemo mayina a mbali ziwiri n'kukuuzani mbali yolemera. Ntchito imeneyo ndi yanu ndi pepala.

Zina sizili m'tebulo lililonse. Chapman anayamba 2016 ataimitsidwa magemu 30 pansi pa lamulo la ligi lokhudza nkhanza za m'banja, ndipo nkhani imeneyo ndi imene inachititsa kuti Yankees imupeze motchipa kuchokera ku Cincinnati Reds miyezi ingapo m'mbuyomo. Wotsatira amene akuti timu yake isamutenge munthu wotere sakulakwitsa masamu, akuyankha funso lina limene ndi lofunikanso.

Pafoni, pa bandulo ndi pa malipiro

Tsambali linakonzedwera kompyuta. Pafoni matebulo ndi otambalala, ndipo mumakankhira kumbali mpaka kuiwala mutu wa mzere umene mukuwerenga. Gonekani foni chammbali, ndipo pa Leaders chepetsani mizere kuti itsale IP, K-BB%, FIP, xFIP, BABIP ndi gmLI basi. Osalipira amaona zotsatsa malonda zambiri, zina za kanema, ndipo ndi zimene zimadya bandulo kuposa manambala enieniwo. Kumene netiweki imavuta, monga m'madera ena a kumapiri a Bembeke kapena a ku Tsangano, tsamba la wosewera limatha kutseguka pamwamba pokha matebulo a m'munsi osabwera. Njira yabwino ndi kutsegula mukakhala pa boma kapena pamsewu wa M1, kujambula sikirini ya Dashboard, Win Probability ndi RosterResource, n'kumakawerenga kunyumba. Pali apu ya Android imene ndi yopepukirapo powerenga tsamba la wosewera. Zonse zili m'Chingerezi chodzaza ndi zidule, choncho tsiku loyamba lithereni pa Library, pamene nambala iliyonse yafotokozedwa pamodzi ndi tebulo losonyeza kuti yabwino imayambira pati.

Umembala wolipira umachotsa zotsatsa malonda, umalola kuwerenga nkhani mopanda malire ndi kutsitsa matebulo kuti muwatsegule mu Excel. Umalipiridwa m'madola ndi khadi la ku banki, ndipo ndi mmene ndalama zakunja zikuvutira m'dziko muno, ambiri khadi lawo likanidwa kapena lidya gawo la mwezi lomwe akanaligwiritsa ntchito pa zina. Manambala onse amene tatchula pano amaoneka kwaulere. Alipire ndi amene amalemba za masewerowa kapena amene akufuna kusanja ma reliever 200 pa laputopu yake. Wongofuna kudziwa ngati timu yake yachita bwino usiku wa 31 Julayi asunge ndalamazo agulire bandulo ya Okutobala, chifukwa magemu a 8 koloko madzulo ku New York amayamba 2 koloko usiku kuno ndipo reliever amalowa cha m'ma 4 koloko m'bandakucha.